Mutu 6: Mawu oti “kupuma” ndi mayeso a Bayoloje

Chiyambi

Wophunzira akhoza kulephera funso la Bayoloje chifukwa cha chilankhulo, sayansiyo akuidziwa ndithu. Ku Malawi mayeso a MSCE, amene amakonza a MANEB, amafunsa phunziroli m’Chingerezi. Ndi chimodzimodzinso mayeso a Giredi 12 a ECZ ku Zambia. Ku Mozambique, mwana wa ku Angónia amakumana nalo m’Chipwitikizi. Komabe ambiri mwa ana amenewa akamakambirana kunja kwa kalasi amabweza zimene amva m’mawu a kunyumba, ndipo matanthauzo ena amasochera panjira. Apa ndi pamene inu, aphunzitsi a chilankhulo, mukufunika. M’mutu uno titenga phunziro limodzi lokha, la momwe maselo amapezera mphamvu, kuti muone momwe mungathandizire ophunzira a kalasi ya mayeso.

Zolinga

Pomaliza pa mutu uno muyenera kutha:
1. kufotokoza mwachidule momwe selo limapezera mphamvu;
2. kutchula mawu anayi a Chichewa amene amasokoneza ophunzira pa phunziroli;
3. kuphunzitsa ophunzira kuyankha molingana ndi mneni wa funso.

Sayansi yake mwachidule

Simungathandize pa mawu ngati nkhani yake simukuidziwa, choncho tiyambe ndi nsima. Munthu akadya nsima, thupi limaigaya mpaka itasanduka shuga wotchedwa gulukosi. Magazi amanyamula gulukosiyo kupita naye ku maselo onse a m’thupi, pamodzi ndi okosijeni amene alowa kudzera m’mapapo. M’kati mwa selo, gulukosi amaphwanyidwa pang’onopang’ono ndipo mphamvu imene inali mwa iye imamasuka. Ntchito imeneyi ndiyo imatchedwa respiration. Zotsala zake ndi kaboni dayokisaidi ndi madzi. M’mabuku imalembedwa motere:

C6H12O6 + 6O2 → 6CO2 + 6H2O + mphamvu

Gawo loyamba la ntchitoyi, lotchedwa glycolysis, limachitikira mu cytoplasm ndipo silifuna okosijeni. Magawo otsatira amachitikira m’tizigawo ta selo totchedwa mitochondria. Limodzi mwa magawowa analifotokoza ndi Hans Krebs mu 1937, ndipo limadziwika ndi dzina lake mpaka lero.

Mphamvu yomasukayo selo limaiika m’kamolekyu kotchedwa ATP. Ganizirani mlimi amene ali ndi chimanga m’nkhokwe koma akufuna mchere pa golosale. Sanyamula nkhokwe, amagulitsa pang’ono kuti apeze ndalama ya m’thumba. Gulukosi ali ngati chimangacho, ATP ili ngati ndalamayo: ndi imene selo limalipirira ntchito zake za nthawi yomweyo, monga kukoka minofu ndi kumanga maselo atsopano.

Okosijeni akakhalapo wokwanira, molekyu imodzi ya gulukosi imapereka ma ATP pafupifupi 30 mpaka 32. Mabuku akale amalemba 36 kapena 38, choncho funsani mnzanu wa Bayoloje nambala imene buku la silabasi yanu likugwiritsa ntchito. Okosijeni akasowa, selo limapeza ma ATP awiri okha. Mu yisiti zotsala zake zimakhala mowa ndi kaboni dayokisaidi, mpweya umene umafufumitsa mandasi. M’minofu ya munthu amene akuthamanga kwambiri zotsala zake zimakhala lactic acid.

Mawu anayi oyenera kusamala nawo

Oyamba ndi “kupuma”. M’Chichewa mawuwa amatanthauza kukoka ndi kutulutsa mpweya, komanso kuleka ntchito kwa kanthawi. Ophunzira ambiri amawagwiritsanso ntchito pomasulira respiration. Zotsatira zake, akafunsidwa kumene respiration imachitikira amayankha kuti m’mapapo, ndipo malikisi amapita. Chingerezi chimasiyanitsa breathing, ntchito ya mapapo ndi chifuwa, ndi respiration, ntchito ya m’maselo. Chipwitikizi chili ndi vuto lofanana ndi lathu, chifukwa mawu oti respiração amakhudza zonse ziwiri, ndipo pofuna kusiyanitsa amawonjezera mawu oti celular. M’kalasi mwanu siyani “kupuma” akhale wa mapapo okha. Ntchito ya m’selo muzinena kuti “kumasula mphamvu m’chakudya”.

Achiwiri ndi “mpweya”. Timakonda kunena kuti okosijeni ndi mpweya wabwino ndipo kaboni dayokisaidi ndi mpweya woipa. Mwana akamva choncho amaganiza kuti timakoka wabwino yekhayekha n’kutulutsa woipa yekhayekha. Manambala akunena zina. Mpweya umene timakoka uli ndi okosijeni wokwana magawo 21 pa 100 alionse, ndipo umene timatulutsa umakhala udakali ndi magawo pafupifupi 16. Kaboni dayokisaidi amakwera kuchoka pa 0.04 kufika pafupifupi 4. Komanso mpweya “woipawo” ndi umene chimanga chimagwiritsa ntchito popanga chakudya chake. Azolowetseni ophunzira kutchula mpweya uliwonse ndi dzina lake.

Achitatu ndi “mphamvu”. Mawu amodziwa amanyamula zimene Chingerezi chimagawa kukhala energy, force, power ndi strength. Vuto lalikulu lili pa mneni amene amatsagana nawo. Timanena mosavuta kuti thupi “limapanga” mphamvu, koma sayansi imati mphamvu sipangidwa ndipo siwonongeka, imangosintha maonekedwe. Choncho yankho lolondola limati mphamvu imamasulidwa, energy is released. Wophunzira amene wazolowera “kumasula” m’Chichewa savutika kusankha mneni woyenera m’Chingerezi.

Achinayi ndi “chakudya”. Kumunda timati feteleza ndi chakudya cha mbewu. Mu Bayoloje, feteleza amapereka michere ya m’nthaka basi. Chakudya chenicheni, gulukosi, chomera chimadzipangira m’masamba pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ndi kaboni dayokisaidi, ndipo ntchitoyi ndiyo photosynthesis. Apa palinso msampha wina. Ophunzira ambiri amalemba kuti zomera zimachita photosynthesis masana ndi respiration usiku wokha. Zoona zake n’zakuti respiration imachitika usana ndi usiku, chifukwa selo lamoyo silileka kufuna mphamvu.

Yambirani pa zimene akudziwa

Funsani ophunzira amene anaonapo akuluakulu akukonza chimera cha thobwa. Mbewu zonyowa zikafunditsidwa n’kuyamba kumera, mukapisa dzanja mumamva kufunda. Kufundako kukuchokera ku respiration ya mbewuzo, pakuti gawo lina la mphamvu yomasuka limatuluka monga kutentha. Ndi mfundo yomweyo imene mabuku amaonetsa ndi mbewu zomera zoikidwa m’fulasiki pamodzi ndi choyezera kutentha, pambali pa fulasiki ina ya mbewu zowiritsa zimene maselo ake afa. Alolani ophunzira afotokoze za chimera m’Chichewa, kenaka alembe mfundo yomweyo m’chilankhulo cha mayeso. Musalumphe gawo lachiwirili, chifukwa wochonga mayeso amangoona zimene zalembedwa pa pepala.

Mneni wa funso

Funso lililonse la mayeso lili ndi mneni amene amalamula mtundu wa yankho. State amafuna mfundo yaifupi yopanda chifukwa. Describe amafuna kuti mwana anene zimene zimachitika, mwatsatanetsatane. Explain amafuna chifukwa chake. M’Chichewa, describe ndi explain onse timati “fotokozani”, n’chifukwa chake ana amawasakaniza. Aphunzitseni kuti akaona explain adzifunse kuti, “Kodi m’yankho langa muli mawu oti because kapena ofanana nawo?”

Taonani funso ili: chifukwa chiyani wothamanga amapitiriza kupuma mwawefuwefu atamaliza mpikisano? Yankho loti “chifukwa watopa” lilibe sayansi. Yankho lokwanira limayenda ndi mfundo zitatu. Pothamanga, minofu sinalandire okosijeni wokwanira. Choncho inamasula mphamvu popanda okosijeni ndipo lactic acid inachuluka. Tsopano thupi likufuna okosijeni wowonjezera kuti lichotse asidiyo. Onani kuti chimene chamanga yankholi ndi alumikizi monga “choncho”, “chifukwa” ndi “kuti”. Amenewa ndi anu, aphunzitsi a chilankhulo. Auzeninso ophunzira kuti aziona malikisi a funso asanalembe, pakuti funso la malikisi atatu kawirikawiri limafuna mfundo zitatu.

Ntchito

1. Pemphani mnzanu wa Bayoloje mapepala asanu a ophunzira amene anachongedwa kale. Dulani mzere kunsi kwa cholakwa chilichonse chimene chabwera chifukwa cha mawu anayi aja. Lembani chimene chapezeka kwambiri.
2. Konzani ziganizo izi:
a. Zomera zimapuma usiku wokha.
b. Mitochondria amapanga mphamvu.
c. Respiration imachitikira m’mapapo.
3. Lembani mafunso awiri okhudza yisiti, lina lofuna kunena zimene zimachitika, lina lofuna chifukwa chake. Apatseni ophunzira anu ndipo muyerekeze mayankho awo.

Mayankho a ntchito yachiwiri

a. Zomera zimamasula mphamvu m’chakudya usana ndi usiku.
b. Mu mitochondria ndi mmene mphamvu yambiri ya m’gulukosi imamasulidwira n’kuikidwa mu ATP.
c. Respiration imachitikira m’maselo onse amoyo. M’mapapo mumangochitika kusinthana kwa mpweya.

Kuomba mkota

Mwaona kuti mawu oti kupuma, mpweya, mphamvu ndi chakudya amanyamula matanthauzo ambiri kunyumba kuposa amene Bayoloje imalola. Musawaletse m’kalasi. Gwirizanani ndi mnzanu wa Bayoloje tanthauzo limodzi la mawu aliwonse, mulilembe pa tchati, ndipo nonse awiri muzilitsata. Musanapite ku mutu wotsatira, sungani zimene mwapeza pa ntchito yoyamba kuti mukakambirane ndi anzanu pa gulu lanu lophunzirira.