Kusankha masipuling'i ndi ma shock a galimoto yokagona nayo kutchire

Galimoto monga Toyota Land Cruiser 79, Hilux kapena Nissan Patrol imachoka kufakitale ili ndi masipuling'i oyenerana ndi anthu ochepa ndi katundu wongokwera n'kutsika. Mwini wake akayamba kuikonzera maulendo okagona kutchire, kulemera kumabwera pang'onopang'ono: tenti padenga, firiji, batire lachiwiri, zigubu za madzi ndi dizilo, bampala yachitsulo, winchi. Kenako kumbuyo kumakhala pansi, nyali zakutsogolo zimaloza m'mwamba, ndipo pabampu paliponse chasesi chimagunda pa ekiselo. Ambiri akafika apa amafunsa kuti galimoto aikweze mamilimita angati. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti imalemera makilogalamu angati, chifukwa kutalika kwabwino kumachokera pa sipuling'i imene yagwirizana ndi katundu.

Sipuling'i ndi shock zili ndi ntchito zosiyana. Sipuling'i ndiyo imasenza galimoto ndipo ndiyo imanena kutalika kwake. Shock sisenza kanthu: ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuti isapitirize kudumpha ikapanikizidwa, ndipo imatero pokankha mafuta m'timabowo ting'onoting'ono, mphamvu ya kugwedezekako n'kusanduka kutentha. Choncho galimoto yotsika kumbuyo sichira ndi ma shock atsopano, ndipo yodumphadumpha ikadutsa pabampu sichira ndi masipuling'i olimba.

Ntchito imayambira pasikelo. Galimoto ipakiridwe monga mmene idzakhalire tsiku la ulendo, thanki yodzaza, anthu ali m'kati, ndipo iyezedwe katatu: mawilo akutsogolo okha, akumbuyo okha, kenako yonse. Masikelo a magalimoto amapezeka kumakampani ogula mbewu ndi ogula zitsulo zakale, ndipo ambiri amalola munthu kuyeza akapereka kangachepe. Kuwerengera pamtima kumanamiza, pakuti zinthu zooneka zochepa zimaunjikana msanga. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, lita ya dizilo ndi pafupifupi makilogalamu 0.84. Tenti ya padenga imalemera pakati pa makilogalamu 50 ndi 80, batire lachiwiri 25 mpaka 30, winchi 25 mpaka 40, ndipo bampala yachitsulo kawirikawiri imaposa 40. Madilowa osungiramo ziwiya ndi kanope ya kumbuyo zimawonjezera zambiri kuposa pamenepa.

Manambala a pasikelo ayerekezedwe ndi amene ali pa kachitsulo ka wopanga galimoto kapena m'buku lake. Pamenepo pamalembedwa kulemera konse kololedwa, kumene kumatchedwa GVM, komanso malire a ekiselo iliyonse. Masipuling'i olimba sasintha malire amenewa. Amangochititsa galimoto yodzaza mopitirira kuoneka yowongoka, pamene mabuleki, mabeling'i ndi chasesi zikadali zomwe zija. Sikelo ikaonetsa kuti malire apitirira, chochita ndi kutsitsa katundu, osati kugula zitsulo. Malo amene katunduyo wakhala nawonso ndi nkhani: matayala apadera ndi zigubu zopachikidwa kuseri kwa ekiselo yakumbuyo zimailemetsa koposa kulemera kwake kwenikweni, uku zikupeputsa kutsogolo, ndipo pa Hilux ya zitseko zinayi, imene mbali yaikulu ya malo ake onyamulira katundu ili kuseri kwa ekiselo yakumbuyo, vutoli limakula.

Katunduyo agawidwe pawiri: wokhazikika, amene satsika ngakhale galimoto ikupita kutauni, ndi wa paulendo pokha. Opanga masipuling'i monga Old Man Emu, Dobinsons, Tough Dog ndi Ironman 4x4, onse a ku Australia, amasiyanitsa masipuling'i awo ndi katundu wokhazikikayu. Pamakhala ofewa a galimoto yopanda zowonjezera, apakati, ndi olimba a katundu wosatsika wa makilogalamu mazana angapo, monga 300 kapena 600. Cholakwa chofala kwambiri ndi kugula olimba koposa poganiza kuti olimba ndiwo abwino. Galimoto imene imadzaza milungu itatu pachaka, n'kumayenda yopanda kanthu miyezi ina yonse, ikaikidwa masipuling'i a makilogalamu 600 imapweteka msana, matayala akumbuyo amadumpha m'malo motsatira nthaka, ndipo pamsewu wamiyala kumbuyo kumatha kutsetsereka pakona. Sipuling'i yolimba kwambiri imalepheranso kupindika m'zigwembe, ndiye wilo limodzi limatsala m'malere pamene likufunika kugwira pansi. Galimoto yotereyi imayenera sipuling'i yapakati, kapena imene imayamba mofewa n'kumalimba ikamapanikizidwa.

Chotsatira ndi kudziwa mmene galimotoyo inapangidwira kunsi. Land Cruiser 79 ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo ndi kumbuyo, masipuling'i opiringizika (makoyilo) kutsogolo, ndipo kumbuyo masipuling'i a zitsulo zosanjikizana. Land Cruiser 80, Patrol Y61 ndi Land Rover Defender yakale zili ndi ekiselo yathunthu ndi makoyilo mbali zonse. Hilux yoyambira m'chaka cha 2005 ndi yosiyana: wilo lililonse lakutsogolo limayenda palokha, koyilo itakulunga shock, pamene kumbuyo kuli zitsulo zosanjikizana. Kusiyana kumeneku ndiko kumanena malire a kukweza.

Kwa galimoto yoyendera maulendo aatali, mamilimita 40 mpaka 50 ndi okwanira. Kukweza kotereku kumatalikitsa mimba ya galimoto, mabampala ndi thanki, kumabweza mpata umene katundu anadya pakati pa ekiselo ndi chasesi, ndipo sikufuna kusintha zida zambiri. Koma sikutalikitsa difu ya ekiselo yathunthu ngakhale pang'ono. Difu imakwera pokhapokha matayala akakula. Pa magalimoto a mawilo oyenda paokha, sipuling'i yaitali siwonjezera mtunda umene wilo limayenda: zimene zapindulidwa pokwera zimachotsedwa pa mpata wotsikira. Wilo likasowa potsikira, shock imakokedwa mpaka kumapeto pabampu paliponse, ma CV joint amagwira ntchito atapendekeka kwambiri, ndipo mphira zake zimang'ambika msanga. Kupitirira mamilimita 50 pa Hilux kumafuna kusintha mikono yam'mwamba yogwira wilo, ndipo ndalama zimayamba kuchuluka popanda phindu looneka.

Palinso nkhani ya kugubuduzika. Galimoto yokwezedwa yosenza tenti ndi zigubu padenga imapendekeka kwambiri pokhota. Pamsewu wa Golodi, wochoka ku Chitimba kukwera ku Livingstonia ndi makona ake akuthwa pafupifupi 20, kupendekeka kumeneku kumamveka pa chiwongolero kuposa mmene mamilimita owonjezera angathandizire. Katundu wolemera ayenera kukhala pansi, pakati pa maekiselo.

Asanamasule bawuti iliyonse, mwini galimoto ayeze ndi tepi kuchokera pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa madigadi, pa mawilo onse anayi, galimoto ili pamalo osalala, ndipo alembe. Kuyeza kuchokera pansi kumasokonezedwa ndi mpweya wa m'matayala. Galimoto yakale imakhala itatsika kale, choncho masipuling'i olembedwa kuti amakweza mamilimita 50 angaoneke ngati akweza 70 kapena 80. Nambala ya wopanga imawerengedwa kuchokera pa kutalika kwa galimoto ili yatsopano.

Masipuling'i akutsogolo savuta kusankha, popeza katundu wa kumeneko sasintha: bampala, winchi, batire lachiwiri ngati lili mu boneti, ndi mtundu wa injini, pakuti ya dizilo imalemera kuposa ya petulo. Makoyilo ena amabwera limodzi lili lalitali pang'ono kuposa linzake, lolowa mbali yolemera, ndipo akasinthanitsidwa galimoto imaima mopendekera.

Kumbuyo ndiko kumafuna kuganiza. Njira yodziwika m'magalaja ambiri ndi yowonjezera chitsulo chimodzi kapena ziwiri pa sipuling'i yakale, kapena kuipindanso kuti ikwere. N'zotchipa ndipo zimapulumutsa munthu ali kutali, koma chitsulo chotopa chimabwerera pansi, ndipo chowonjezeracho chikakhala chachifupi chimapanikiza zinzake pamalo amodzi mpaka kuthyoka. Mabuloko oika pansi pa sipuling'i ndi zotchingira pamwamba pa koyilo zimakweza galimoto koma sizimawonjezera mphamvu yosenza. Masipuling'i otchedwa parabolic, okhala ndi zitsulo zochepa zokhuthala pakati, ndi opepuka ndipo amayenda mofewa chifukwa zitsulo zake sizikhuzana kwambiri, koma chimodzi chikathyoka kutchire zotsala zimakhala zochepa. Matumba a mpweya othandizira amakopa chifukwa munthu amapopa akadzaza, n'kuphwetsa akatsitsa. Pa galimoto ya makoyilo amagwira bwino. Pa ya zitsulo zosanjikizana amaunjika kulemera pamalo amodzi a chasesi pamwamba pa ekiselo, malo amene sanapangidwire zimenezo, ndipo akapopedwa kwambiri pansi pa katundu wolendewera kumbuyo, chasesi chikhoza kupindika. Ndi othandizira chabe sipuling'i yoyenera, osati olowa m'malo mwake.

Ma shock amasankhidwa potengera msewu. Mdani wake wamkulu si dzenje lalikulu koma msewu wafumbi umene wachita mizere yopingasa ngati lata, monga zimachitikira nyengo yachilimwe m'zigawo zina za makilomita pafupifupi 60 ochoka pachipata cha Thazima kupita ku Chelinda ku Nyika. Pamsewu wotere shock imakwera n'kutsika kambirimbiri pa sekondi iliyonse, mafuta amatentha, amapyapyala, amachita thovu, ndipo pistoni imayamba kudutsa mu thovulo popanda chodziletsa. Woyendetsa amamva galimoto ikuyandama. Mitundu yonse ya ma shock ndi njira zosiyana zothanira ndi kutentha kumeneku.

Ya machubu awiri ndiyo yofala: ndi yotsikirapo mtengo, ndipo chubu chakunja chikaphwanyidwa pang'ono ndi mwala imagwirabe ntchito, ngakhale imachedwa kuzizira. Ya foam cell, monga ya Tough Dog ndi Ironman 4x4, imaika siponji yapadera m'malo mwa mpweya kuti mafuta achuluke ndipo asasakanikirane ndi mpweyawo. Ya chubu chimodzi, imene kampani ya Bilstein ya ku Germany imadziwika nayo, imalekanitsa mafuta ndi mpweya wa nayitirojeni pogwiritsa ntchito pistoni yachiwiri. Imazizira msanga, koma chubucho chikaphwanyika basi yatha. Yokhala ndi kathanki kapadera ka mafuta, monga ya Fox ndi King za ku America, imapirira kutentha koposa zonse, ndipo imafuna kukonzedwa nthawi ndi nthawi ndi munthu wokhala ndi zida zake. Amisiri otere ndi ochuluka ku South Africa kuposa ku Malawi kapena Zambia, ndipo imeneyi ndi mfundo yoiganizira pogula. Kwa woyenda liwiro lodekha ndi banja, shock yonenepa ya machubu awiri kapena ya foam cell ndi yokwanira. Kuchepetsako mpweya m'matayala pamsewu wafumbi, n'kuchepetsanso liwiro, kumapeputsa ntchito ya shock ya mtundu uliwonse.

Kutalika kwa shock kuyenera kugwirizana ndi sipuling'i. Ikakhala yaifupi, ndiyo imagwira ekiselo ikamatsika, ndipo mabushi kapena zogwirira zake zimazuka. Ikakhala yaitali, imafika kumapeto mphira yoletsa kugunda isanakhudze, n'kuphwanyika m'kati. Pa galimoto ya makoyilo imathanso kulola ekiselo kutsika mpaka koyilo kuchoka pamalo pake. Kulimba kwa m'kati mwake nakonso kumayezedwa potengera sipuling'i, ndipo n'chifukwa chake kugula zonse ziwiri kwa wopanga mmodzi, zolembedwa dzina ndi chaka cha galimotoyo, kumapewetsa mavuto ambiri.

Mu bajeti mulowenso tizida timene kukweza kumasuntha. Pa ekiselo yathunthu yakutsogolo, kukweza kumachepetsa caster, ngodya imene imathandiza mawilo kuyenda mowongoka, chiwongolero n'kumayendayenda pamsewu watala. Mabushi okonzera zimenezi alipo. Galimoto ikakwera, ndodo ya Panhard, imene imagwira ekiselo kuti isasunthire m'mbali, imaikokera mbali imodzi, ndipo yotheka kuitalikitsa imaibweza pakati. Mapaipi a mphira a mabuleki, mawaya a ABS ndi timapaipi topumira difu ziyesedwe galimoto itanyamulidwa ndi jeke pa chasesi, mawilo akulendewera: chilichonse chokokeka chisinthidwe. Magalimoto akale ali ndi vavu yogawa mabuleki potengera katundu, yolumikizidwa ku ekiselo yakumbuyo. Galimoto ikakwera vavuyi imaona ngati mulibe katundu n'kuchepetsa mabuleki akumbuyo, choncho kogwirira kake kayenera kukwezedwa mofanana. Masipuling'i a zitsulo zosanjikizana amafuna ma U-bolt ndi mabushi atsopano, akale sabwezeredwa.

Pomanga, mabawuti odutsa m'mabushi a mphira amangitsidwe komaliza galimoto itatsitsidwa, itaima pa mawilo ake, apo ayi mphira imakhala yopotoka n'kung'ambika msanga. Zikatero mawilo awongoledwe pa makina, nyali zakutsogolo zilozedwenso, ndipo a inshuwalansi auzidwe za kusinthako. Masipuling'i atsopano amakhazikika pang'ono m'masiku oyamba, kotero pakatha makilomita pafupifupi 500 ma U-bolt ndi mabawuti ena onse amangitsidwenso, ndipo muyeso wa pakati pa wilo ndi madigadi ubwerezedwe. Galimoto yopanda katundu wa paulendo iyenera kukwererapo pang'ono kumbuyo. Ikadzaza iime mowongoka, pakati pa ekiselo ndi mphira yoletsa kugunda patatsala mpata wooneka bwino. Ngati kumbuyo kukutsikabe kuposa kutsogolo, ndiye kuti sipuling'i yachepa mphamvu kapena katundu wachuluka kuseri kwa ekiselo, ndipo kuyezanso pasikelo kumasonyeza chimene chalakwika pa ziwirizi.