Phunziro la Mwezi Uno: Kadzidzi ndi Zolengedwa Zina za Pakhomo Pathu

Mwezi uno tikambirane za mbalame imene ambiri a ife timaiopa, ndiyo kadzidzi.

Pa zaka zimene tinagwira ntchito ya unamwino tinaona zambiri, koma nkhani imodzi sitiiwala. Mwana wina anatentha thupi, ndipo usiku womwewo kadzidzi analira padenga. Achibale anataya mtima, nayamba kuloza chala agogo ena a m'mudzimo kuti ndiwo atumiza mbalameyo. Anakhala masiku atatu akukangana, mwana ali gone. Atabwera naye kuchipatala tinapeza kuti ndi malungo. Mwanayo anachira, koma mwamwayi, pakuti magazi anali atachepa kwambiri. Agogo aja anakhala chaka chathunthu osalowa pakhomopo.

1. Timudziwe kadzidzi

Chiyambire nthawi imeneyo takhala tikukhala pakhonde madzulo n'kumayang'ana. Pakhomo pathu pamabwera mitundu iwiri. Woyamba ndi wa nkhope yoyera, amene amakonda kugona m'madenga a matchalitchi, masukulu ndi nyumba zakale. Kulira kwake n'kokuwa ngati munthu wadzidzimuka. Wachiwiri ndi wamkulupo, wa mawangamawanga ndi maso achikasu, amene amalira kuti "huu-huuu" ali pamtengo kapena pamwamba pa nyumba. Ameneyu ndiye wa m'nthano ija, amene ankaopseza mbalame zinzake kuti ali ndi nyanga. Mbalamezo zitafika pafupi zinaona kuti si nyanga ayi. Ndi nthenga chabe.

Maso a kadzidzi sayendayenda ngati athu, n'chifukwa chake amazunguza mutu. Ife tili ndi mafupa 7 m'khosi, iye ali nawo 14, motero amatha kuona kumbuyo osatembenuza thupi. Nthenga zake n'zofewa, choncho amauluka mosamveka, ndipo makutu ake amamva khoswe akuyenda m'udzu mumdima. Palibe zamatsenga pamenepa. Ndi mmene analengedwera.

2. Amadzatani pakhomo?

Amadzafuna chakudya. Pamene pali nkhokwe pali makoswe, ndipo pamene pali makoswe kadzidzi amafika. Akalira amakhala akuitana mnzake kapena kuuza akadzidzi ena kuti malo ano ali ndi mwini. Amalira usiku wambiri ife tili m'tulo. Koma pakhomo pakakhala matenda sitigona, ndiye timamumva, n'kumati wabwerera wodwalayo.

Mukafuna umboni, pitani pansi pa mtengo umene amagona. Mudzapeza timibulu totuwa timene amalavula akadya. Tiphwanyeni ndi kamtengo, ndipo mudzaona ubweya, timafupa ndi timano ta makoswe ndi mbewa. Mukatero musambe m'manja ndi sopo. Ife tinaonetsa zidzukulu zathu, ndipo kuyambira tsikulo zinaleka kumugenda.

Ku Israel, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, alimi amakhomera akadzidzi mabokosi m'minda kuti aziikiramo mazira, ndipo ku Malaysia amachitanso chimodzimodzi. Iwo anaona kuti mbalame imeneyi ndi mlonda wa mbewu wosafuna malipiro.

3. Anzathu ena a kudimba

Sitifunika kupita ku Vwaza kuti tikaone zachilengedwe. M'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa South Rukuru muli achule amene amadya tizilombo toononga ndiwo zamasamba. Bilimankhwe alibe ululu, ndipo amadya ziwala ndi ntchentche. Nalimata wa pakhoma amatola tizilombo tobwera pa nyali. Mileme ing'onoing'ono imadya tizilombo touluka usiku, koma ana asaigwire ndi manja chifukwa ina imakhala ndi matenda. Njoka tisaiyandikire, munthu akalumidwa tithamange naye kuchipatala, osatema pabalapo kapena kuyamwa ululu.

4. Tichitenji?

(a) Mwana akatentha thupi, tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya kadzidzi walira kaya sanalire.

(b) Tisatchule munthu kuti ndi mfiti. Lamulo la dziko lathu la chaka cha 1911 limaletsa zimenezi, ndipo amene amavutika kwambiri ndi amayi okalamba ndi amasiye. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, nafenso tikukalamba.

(c) Tisamale ndi mankhwala a makoswe. Khoswe wodya mankhwala akadyedwa ndi kadzidzi kapena mphaka, nayenso amafa, ndipo makoswe amachuluka kuposa kale. Taonanso ana atagonekedwa m'chipatala chifukwa chotola nyambo yothira mankhwala. Misampha ndi ukhondo pakhomo n'zabwino koposa.

(d) Nkhuku ndi anapiye tizitsekera m'khola dzuwa likamalowa.

(e) Tisadule mitengo yonse ikuluikulu, makamaka ya mphako, ndipo tileke kutentha tchire.

Mafunso okambirana pa msonkhano wathu

1. Kodi tinaphunzitsidwa zotani za kadzidzi tili ana, nanga ife tikuphunzitsa zotani ana athu?
2. Kodi m'mudzi mwathu muli mayi wokalamba amene anthu akumusala? Ndani mwa ife akamuchezere sabata ino?
3. Werengani Genesis 2:15 ndi Mateyu 10:29-31. Mawu amenewa akutiuza chiyani za kusamala zolengedwa ndi za mantha athu?

Pomaliza, tikupempha mayi aliyense kuti madzulo amodzi mwezi uno akhale pakhonde ndi ana, amvetsere ndi kuyang'ana, ndipo adzatiuze zimene waona tikadzakumananso. Ambuye akhale nanu nonse.