Katemera Woyamba wa Mwana ku Wigston: Zimene Zimachitika pa Masabata 8

Kalata kapena meseji yochokera ku GP ikabwera yonena kuti mwana wanu akalandire katemera, n'zosadabwitsa ngati mtima ukugunda. Khanda lili ndi masabata 8 okha, ndipo agogo amene akanakulimbitsani mtima ali kutali. Nkhawa zambiri zimachepa mukadziwiratu zimene zidzachitike tsikulo komanso usiku wake.

Kusiyana ndi kwathu

Ku Malawi mwana amalandira BCG ndi madontho a poliyo atangobadwa, kenako amapita ku sikelo pa masabata 6, 10 ndi 14. Kuno ku England ndi masabata 8, 12 ndi 16, ku sejale ya GP wanu, ndipo ndi ulere. Achibale akafunsa pa WhatsApp kuti "mwana sanabaye mpaka pano?", musadabwe, sikuti mwachedwa.

BCG ndi nkhani ina. Kuno sapatsa mwana aliyense, koma amapereka kwa ana amene kholo kapena agogo awo anabadwira m'dziko limene TB ndi yofala, ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique ali m'gulu limenelo. Kuyambira mu September 2021 katemerayu amaperekedwa mwana akakwanitsa pafupifupi masiku 28. Ngati palibe amene anakufunsani kumene munabadwira, funsani nokha kwa mzamba, kwa GP kapena kwa namwino woyendera makanda wa pulogalamu ya Healthy Together.

M'chipinda cha namwino

Tengani kabuku kofiira kaja, popeza n'kofanana ndi kabuku ka kusikelo. Mwana muvekeni zovala zosavuta kuvula m'miyendo. Amalandira zinthu zitatu: madontho a pakamwa oteteza ku rotavirus, kachilombo kotsegula m'mimba, ndiponso majakisoni awiri pantchafu. Jakisoni woyamba amateteza ku matenda 6: chifuwa chokoka mtima, kafumbata, poliyo, diphtheria, Hib ndi hepatitis B. Winayo ndi MenB, woteteza ku mtundu wina wa matenda oumitsa khosi. Ameneyu sali pa ndandanda ya kusikelo kwathu. UK inayamba kumupereka kwa makanda onse mu 2015.

Mwana adzalira ndithu, mwina kulira kumene simunakumvepo. Mufungateni pamiyendo panu, mulankhule naye, ndipo mukhoza kumuyamwitsa pomwe akubayidwa kapena akangomaliza. Ana ambiri amatonthola pasanathe mphindi zingapo. Ngati inuyo mumaopa singano, nenani, kapena bwerani ndi bambo wa mwana kapena mnzanu kuti amugwire. Ngati Chingelezi cha kuchipatala chikukuvutani, pemphani womasulira pamene mukukonza tsiku.

Chimfine chopanda kutentha thupi si chifukwa chophonyera. Ngati mwana watentha thupi tsikulo, imbani foni akupatseni tsiku lina lapafupi.

Usiku woyamba

Apa m'pamene makolo ambiri amavutika. MenB amatenthetsa thupi kawirikawiri, n'chifukwa chake NHS imalangiza kupereka panado wamadzi wa makanda, wa mphamvu ya 120mg mu 5ml. Gulirani tsiku lisanafike. Mlingo wake ndi 2.5ml, katatu: woyamba atangobayidwa, wachiwiri pakadutsa maola 4 mpaka 6, wachitatu pakadutsanso maola 4 mpaka 6. Yezani ndi sirinji ya m'bokosi. Supuni ya tiyi imanama. Ngati mwana anabadwa masabata 32 asanakwane, kapena ndi wamng'ono kwambiri thupi, namwino ndiye akuuzeni mlingo. Ibuprofen si wa mwana wa msinkhu umenewu, ndipo aspirin ndiye musayese n'komwe.

Yembekezerani kuti mwana avutavuta, agona kwambiri kapena ayamwa pang'onopang'ono. Pobayidwa pakhoza kufiira, kutupa kapena kutsala kachotupa kolimba kamene kamatha kokha. Musapatikite kapena kupakapo mankhwala. Musamufunditse mabulangete ambiri, ngakhale kunja kukuzizira, ndipo musamupukute ndi madzi ozizira monga tinazolowera kwathu. Muyamwitseni pafupipafupi. Sambani m'manja bwinobwino mukasintha thewera, makamaka masabata awiri oyamba, chifukwa kachilombo kofooka ka mu madontho aja kamatuluka m'chimbudzi.

Pofunika thandizo

Imbani 111 kapena GP ngati thupi likutenthabe pakadutsa maola 48, ngati mwana akukana kuyamwa, matewera sakunyowa monga mwa nthawi zonse, kapena akulira mosatonthozeka. Kutentha thupi kwa madigiri 38 kapena kuposa kwa mwana wosakwana miyezi itatu, kumene kwabwera patapita masiku, musakunamizire katemera. Imbani 999 kapena pitani ku Children's Emergency Department pa Leicester Royal Infirmary ngati akupuma movutikira, walefuka, sakudzuka, wakomoka, kapena ali ndi timadontho tosazimiririka mukatidinikiza ndi tambula yagalasi. Pakhungu lakuda timadontho timeneti timavuta kuona. Yang'anani m'manja, kuphazi ndi m'kati mwa zikope. Kusanza, kukoka miyendo ndi ululu komanso chimbudzi cha magazi pambuyo pa madontho a rotavirus n'zosowa kwambiri, koma zimafuna dokotala tsiku lomwelo.

"Akuleko kaye"

Maganizo amenewa amamveka anzeru, koma ndi olakwika. Chifuwa chokoka mtima chimapha makamaka makanda aang'ono kwambiri, ndipo mu 2024 chinafala ku England mpaka makanda angapo anamwalira. Madontho oyamba a rotavirus saperekedwanso mwana akakwanitsa masabata 15. Ndipo ngati mukuganiza zokaonetsa mwana kumudzi, kumbukirani kuti mu February 2022 Malawi inalengeza kuti poliyo wapezeka mwa mwana ku Lilongwe.

Kukayikira katemera si kwachilendo mu mzinda uno. Mu 1885 chikhamu cha anthu chinaguba m'misewu ya Leicester kukana katemera wokakamiza wa nthomba. Masiku ano palibe amene angakukakamizeni, ndipo namwino amafunsa chilolezo chanu asanabaye. Choncho mafunso amene muli nawo, ngakhale ochokera mu uthenga umene azakhali anatumiza pa gulu la banja, alembeni papepala mukawafunse.

Musanatuluke, onani kuti namwino walemba m'kabuku kofiira ndipo konzeranitu tsiku la masabata 12. Kuyambira mu July 2025 MenB wachiwiri amaperekedwa pa tsiku limenelo, osati pa masabata 16 monga zinalili kwa ana anu akuluakulu, ndiye panado uja musungeni.