Laputopu Yatsopano Ikakana Seva Yakale, Musaikakamize

Malaputopu atsopano akafika mu ofesi, ntchito yoyamba ya katswiri wa makompyuta ndi kuwalowetsa mu domain, kuti wantchito aliyense azilowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, n'kupeza mafoda a onse ndi pulinta monga ankachitira pa makompyuta akale. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma kumene seva inagulidwa kalekale, laputopu imakana. Katswiri ayesa, abwereza, yakana ndithu. Apa n'kuti bwana ataima pakhomo: "Achimwene, zinthu izi zadya ndalama zambiri. Pofika Lolemba zikhale zikugwira ntchito." Zimene katswiriyo angachite Lolembalo lisanafike zikhoza kugwetsa ofesi yonse m'mavuto.

Zifukwa zina si zoopsa. Malaputopu ambiri a m'masitolo amabwera ndi Windows Home, yomwe silowa mu domain. Pamafunika Pro, Enterprise kapena Education. Nthawi zina DNS ya laputopu imaloza ku rauta kapena ku 8.8.8.8 ya Google m'malo moloza ku seva ya ofesi, ndiye imafunsa njira kwa amene sadziwa n'komwe kuti domain yanu iliko. Wotchi nayo imavutitsa. Kerberos, njira yomwe seva imatsimikizira kuti wolowayo ndi mwiniwakedi, siilola kuti mawotchi asiyane kupitirira mphindi 5, ndipo seva yomwe kabatire kake kanatha imasokoneza nthawi magetsi akangothima. Izi mukakonza, palibe chomwe mwawononga.

Chondidetsa nkhawa ndi china. Seva yakale ya Windows Server 2003 imatumiza ndi kulandira mafayilo pogwiritsa ntchito SMB1 yokha, njira yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1980. SMB2 inabwera ndi Windows Vista ndi Server 2008, ndipo SMB3, yomwe imabisa zomwe zikudutsa pa netiweki, inabwera mu 2012. Kuyambira mu 2017 Microsoft inayamba kuchotsa SMB1 mu Windows 10, ndipo Windows 11 imabwera nayo itatsekedwa. Malamulo a ofesi omwe seva imagawira makompyuta onse amasungidwa mu foda ya SYSVOL, ndiye laputopu yopanda SMB1 singawafikire. Choncho kukana kwa laputopuyo si kuwonongeka. Ikuchita zomwe inapangidwira.

Vuto ndi loti kutsegula SMB1 n'kosavuta: kuchonga kabokosi kamodzi, kuzimitsa n'kuyatsanso laputopu, basi yalowa. Bwana asangalala, katswiri atamandidwa, Lolemba aliyense ali pa ntchito. Kuli ngati kumanga nyumba ya maloko abwino, kenako n'kuzula loko wakumaso chifukwa kiyi yakale ya agogo siikulowamo. Ambiri amachonga bokosi lonse, osaona kuti m'kati mwake muli mbali yopempha mafayilo ndi ina yopereka, ndiye laputopu ikhoza kuyamba kumvera aliyense wolankhula SMB1 pa netiweki iliyonse yomwe yalumikizidwa, kaya ku hotela kaya ku bwalo la ndege.

Pa 12 Meyi 2017 pulogalamu yachiwembu ya WannaCry inalowa m'makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150, kudzera pa bowo la mu SMB1 lomwe Microsoft inali itatseka kale ndi chigamba mu Malichi chaka chomwecho. Omwe sanaike chigambacho anavulala. Ku England zipatala za NHS zinalepheretsa nthawi zoonana ndi madokotala ndi maopaleshoni zoposa 19,000.

Patangotha milungu yochepa, pa 27 Juni, kunabwera NotPetya, ndipo zomwe zinaigwera kampani ya sitima za katundu ya Maersk aliyense wosamalira domain ayenera kuzidziwa. Chiwembucho chinalowera pa kompyuta imodzi ya mu ofesi yawo ya ku Odessa, ku Ukraine, kudzera mu pulogalamu ya misonkho ya M.E.Doc. Chinafalikira m'njira ziwiri: bowo lomwe lija la SMB1, ndi kuba mapasiwedi omwe anatsalira m'makompyuta n'kumalowa nawo kwina. Maseva osunga domain ya kampaniyo analipo pafupifupi 150 padziko lonse, iliyonse ikukopera zomwe zili mu inzake, ndipo oyang'anira ankadalira kuti imodzi ikafa zina zitsala. Zinafa zonse nthawi imodzi, kupatula imodzi ya ku Ghana yomwe inali itazima chifukwa magetsi anathima chiwembucho chisanafike. Hadi disiki yake inanyamulidwa pamanja kupita ku Nigeria, kenako pa ndege mpaka ku England, ndipo ndi yomweyo inadzutsa kampani yonse. Yemwe anali wapampando wa Maersk nthawi imeneyo, Jim Hagemann Snabe, ananena ku Davos mu Januwale 2018 kuti anakonzanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000 m'masiku 10. Kampaniyo inataya ndalama zapakati pa madola 250 miliyoni ndi 300 miliyoni.

Laputopu ya Windows 11 yomwe ikulandira zigamba singaloweredwe pa bowo la 2017 lija. Koma mukaitsegulira SMB1, mafayilo anu amayenda osabisidwa, ndipo koposa zonse mwaipatsa seva yakale ija chifukwa chokhalirabe. Thandizo la Microsoft pa Server 2003 linatha pa 14 Julaye 2015, pa Server 2008 linatha pa 14 Januwale 2020, pa Server 2012 linatha pa 10 Okutobala 2023. Makina omwe akusunga dzina ndi pasiwedi ya aliyense mu ofesi, kuyambira wa ku akaunti mpaka bwana mwiniwake, ndi omwe atha zaka osalandira zigamba zanthawi zonse. Wakuba akagwira seva imeneyo, malaputopu atsopano onse omwe munawalowetsa mu domain amamumvera, chifukwa kulowa mu domain ndi kuvomera kulamulidwa ndi sevayo.

Kusamuka sikutheka tsiku limodzi. Domain yomwe idakali pa mlingo wa 2003 singalandire Server 2019 kapena yatsopano kuposa apo. Mumayamba mwaika seva yapakati, monga ya 2016, n'kusamutsira maudindo onse kumeneko, kuchotsa yakale mwadongosolo, kukweza mlingo wa domain, ndi kusintha njira yokopera SYSVOL kuchoka pa FRS kupita pa DFSR. Ya 2016 nayo thandizo lake likutha mu Januwale 2027, ndiye musakhazikikepo. Musanakhudze chilichonse, koperani domain yonse pa disiki yomwe muichotse pa netiweki n'kuitsekera mu kabati, ndipo muyese kuona ngati ikubwezeretsadi zinthu.

Bwana akati ndalama za seva palibe chaka chino, katswiri alembe kalata yofotokoza chomwe kutsegula SMB1 kukutanthauza, tsiku lomwe idzatsekedwenso, ndi malaputopu omwe akhudzidwa, bwanayo asaine. Ngati sasaina, malaputopu atsopanowo agwire ntchito ali kunja kwa domain kufikira seva yatsopano itagulidwa.