Pikapu Ikamawira Pamdipiti, Yambani Kuona Fani

Mwachoka ku Limbe ndi pikapu yanu, mwadutsa pa Nkando, geji ya kutentha ili phee pakati. Koma mutangofika pa Chitakale kapena pa Limbuli tsiku la msika, pomwe akabaza, maminibasi ndi ogulitsa nanazi adzaza msewu, galimoto ikuyenda ngati birimankhwe, muvi wa geji wayamba kukwera. Mukangotulukamo n'kuthamanga pang'ono, watsikanso. Eni Hilux, Hardbody ndi Isuzu KB ambiri kuno ku Mulanje amalidziwa vutoli, makamaka mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likamaswa mtengo.

Khalidwe limeneli likukuuzani kale pomwe pali matenda. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha kutsogolo n'kuziziritsa madzi a mu radiyeta. Ikaima, mphepoyo kulibe, ntchito yonse imatsalira fani. Ndiye injini yowira pamdipiti pokha, koma yozizira bwino pamsewu wotakasuka, kawirikawiri ikusowa mphepo. Ndaonapo mnzanga wa matola akulipira ndalama zambiri kuti amasule mutu wa injini, chonsecho cholakwika chinali fani. Zinandiwawa, chifukwa inali ndalama ya fizi ya ana.

Muvi ukayandikira pofiira, zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto ngakhale mutuluke thukuta, chifukwa hitayo imachotsako kutentha kwa injini. Patukani, zimitsani injini, tsegulani boneti. Chivindikiro cha radiyeta musachikhudze. Madzi a m'menemo ndi opanikizika ndipo amapitirira madigiri 100. Mukatsegula amakuthirani kumaso. Dikirani mphindi zosachepera 30, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha, chitsulo chimatha kung'aluka.

Tsopano fani. Mapikapu ambiri akale ali ndi fani yoyendera lamba, yokhala ndi kilatchi pakati pake. M'kilatchimo muli mafuta a silicone amene amagwira mwamphamvu injini ikatentha. Mafutawo akatha, fani imazungulirabe, mwakuti poyang'ana mumaona ngati zonse zili bwino, koma siikukoka mphepo yokwanira. Apa m'pamene ambiri amanamizika. Yesani motere: injini ikadali yotentha, muizimitse, chotsani kiyi, kenako kankhani tsamba la fani ndi dzanja. Fani yabwino imalimba, imaima msanga. Ikangoti pyoo kuzungulira kangapo ngati gudumu la njinga, kilatchi yatha. Onaninso pakati pake: fumbi lakuda lomata ndi mafuta ndi umboni woti yakhala ikudontha. Igwedezeni; ikamagwedera, beringi yapita. Pa ma Toyota ena kilatchiyi imatsegulika n'kuthiramo mafuta atsopano a silicone, koma ya beringi yowonongeka ndi yongosintha basi. Chonde musayese kugwira kapena kuimitsa fani injini ikulira; zala sizimera kawiri.

Ngati fani yanu ndi yamagetsi, isiyeni injini ilire galimoto itaima mpaka itenthe. Fani ikapanda kudzuka, yambani ndi zotsika mtengo: fyuzi, relay, mawaya, kenako sensa, mota pomalizira.

Lamba naye muoneni. Mukamudina ndi chala chachikulu pakati, asalowe kupitirira sentimita 1 kapena pang'ono chabe. Wosweka kapena wonyezimira ngati wapakidwa polishi ndi wosintha. Palinso chipulasitiki chozungulira fani, chimene ena amachitaya chikathyoka poganiza kuti n'chokongoletsa. Chimenechi ndicho chimakakamiza fani kukoka mphepo kudzera mu radiyeta. Popanda icho, pamdipiti injini imatha kuwira.

Misewu yathu ya kumidzi ndi ya m'minda ya tiyi imabweretsa lake vuto. M'dzinja matope ofiira amamata timabowo ta radiyeta, m'chilimwe fumbi ndi udzu zimatsekanso. Walitsani tochi kumbuyo kwa radiyeta. Kuwala kukapanda kuoneka kutsogolo, yatsekeka. Itsukeni ndi madzi oyenda pang'onopang'ono kuchokera mbali ya injini kupita kunja. Makina opopera mwamphamvu a pa car wash amapinda timasamba take.

Za madzi ndinene mosabisa. Madzi a mu Likhubula kapena Ruo, ngakhale aoneke oyera, akakhala okha mu injini amabala dzimbiri, ndipo dzimbirilo limatseka radiyeta ndi kudya mapiko a water pump. Pa ngozi thirani amene alipo kuti mukafike, koma mukafika khuthulani, muthire coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled, kapena wosakaniza kale. Mukamasintha chivindikiro cha radiyeta, chatsopanocho chikhale cha mphamvu yomwe yalembedwa pamwamba pa chakale, nthawi zambiri 0.9 kapena 1.1. Labala wake akatha, madzi amawira msanga n'kutayikira panja.

Makaniko akakuuzani kuti "Bwana, tingochotsa thermostat, kuno n'kotentha," kanani mwaulemu. Kachipangizoka pa injini zambiri kamatseguka cha pa madigiri 82. Kakachotsedwa, injini imachedwa kufunda m'mawa wa Juni pomwe chiperoni chagwa, imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga, pomwe vuto lenileni likadalipo. Ngati mukukakayikira, kaviikeni m'madzi owira mu poto. Kakapanda kutseguka, gulani katsopano.

Pali zizindikiro zimene sizofuna kudzikonzera pakhomo: madzi kumangotha popanda podontha, thovu kutumphuka mu radiyeta injini ikangolira, utsi woyera wosatha ku ekizozi, kapena oyilo kuoneka ngati tiyi wamkaka. Zimenezi zimaloza ku gasiketi ya mutu wa injini. Mukaona chimodzi mwa izi, musaiyendetsenso, ngakhale pa Boma pakhale pafupi. Ikokeni mpaka ku galaja.