Kunenepa Kwambiri Ndi Kupinimbira: Phunziro la Kadyedwe Kwa Alimi a ku Mchinji

Boma la Mchinji ndi limodzi mwa maboma odziwika pa ulimi wa mtedza, soya, chimanga ndi fodya. Nyengo yokolola ikafika, pa Kamwendo, Mkanda, Kapiri ndi Waliranji pamadzaza masikelo a ogula mbewu, ndipo magalimoto amanyamula matumba kupita ku Lilongwe. Komabe kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti ana 44 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'bomali anali opinimbira, pamene m'dziko lonse anali 37 mwa 100.

Kafukufuku yemweyo adaonetsanso vuto lina. M'chaka cha 1992 amayi 10 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali olemera thupi kupyola muyezo. Pofika 2015-16 adafika 21 mwa 100. Choncho lero sizachilendo kupeza mwana wopinimbira ndi mayi wonenepa kwambiri akudyera m'khitchini imodzi. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: banja limagulitsa chakudya chabwino chomwe lalima, nkugula shuga, mafuta ndi zakumwa zotsekemera.

KUNENEPA SI CHIZINDIKIRO CHA KUPEZA BWINO

Kwathu kuno munthu akanenepa timati zinthu zikumuyendera. Bambo akatulutsa mimba amatchedwa bwana. M'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi adavuta, ambiri adayamba kuopa kuonda poopa kulozedwa zala. Maganizo amenewa akadalipo, koma thupi lolemera kwambiri limabweretsa matenda a kuthamanga kwa magazi, shuga, mtima, kufa ziwalo ndiponso kuphwanya kwa maondo ndi msana.

Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kwa mlimi nkhaniyi njaikulu. Mwini munda akafa ziwalo mwezi wa Disembala, palibe wopalira kapena wothira feteleza, ndipo ndalama za mbewu zimathera paulendo wa kuchipatala.

Chomwe chimanenepetsa ndi kudya zopatsa mphamvu zambiri kuposa zomwe thupi likugwiritsa ntchito. Zotsalazo thupi limazisunga ngati mafuta. Mlimi wogwira khasu kuyambira m'mawa amawotcha zambiri. Koma amene watsegula golosale kapena wayamba kugula mbewu amakhala pampando tsiku lonse, ulendo wa pafupi amakwera njinga yamoto, pamene mbale ya nsima ikadali yomwe ija, nkuwonjezapo chipisi, kanyenya ndi mowa.

MMENE MUNGADZIYEZERE

1. Njira ya chingwe. Imani mowongoka opanda nsapato, wina ayeze kutalika kwanu ndi chingwe kuchokera pansi mpaka pamutu. Pindani chingwecho pakati ndipo muchizungulize m'mimba, pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, mafuta a m'mimba achuluka. Mimba isapose theka la kutalika kwa munthu.

2. Njira ya tepi ya telala. Kwa amayi, mimba yopyola masentimita 80 ndi chenjezo, ndipo yopyola 88 ndi yoopsa. Kwa abambo chenjezo liyambira pa 94 ndipo choopsa ndi 102.

3. Njira ya sikelo. Kuchipatala amagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa BMI. Chulukitsani kutalika kwanu m'mamita ndi nambala yomweyo, kenaka mugawe makilogalamu anu ndi yankholo. Mwachitsanzo, mayi wamtali mamita 1.6 wolemera makilogalamu 72: 1.6 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56, ndipo 72 kugawa ndi 2.56 ndi 28. Yankho losafika 18.5 ndiye kuti munthu ngoonda kwambiri. Kuyambira 18.5 kulekezera pansi pa 25 ali bwino. Kuyambira 25 walemera kupyola muyezo, ndipo 30 kapena kuposa ndi kunenepa koopsa.

Kwa amene masamu amawavuta, munthu wamtali mamita 1.5 alemere pakati pa makilogalamu 42 ndi 56, wa mamita 1.6 pakati pa 47 ndi 64, wa mamita 1.7 pakati pa 54 ndi 72. Kadziyezeni pa sikelo ya kuchipatala, osati ya ogula mbewu. Dziwaninso kuti miyezo itatuyi ndi ya akuluakulu okha, ndipo siyigwira ntchito kwa mayi woyembekezera.

ANA AANG'ONO

Akuluakulu adati mmera mpoyamba. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, osampatsa madzi, dawale kapena thobwa. Akakwana miyezi 6 ayambe phala uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kuposa. Phala la ufa woyera lothira shuga limangodzaza mimba. Phala labwino ndi la mgaiwa lothira nsinjiro, ufa wa soya, dzira, usipa wosinja kapena masamba. Pokonza ufa wa phala sakanizani makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya. Soya ayambe wakazingidwa kapena kuwiritsidwa asanapite kuchigayo, chifukwa wosaphika savomerezana ndi m'mimba.

Pitani ndi mwana kusikelo mwezi uliwonse ndipo funsani alangizi a zaumoyo akuonetseni mmene mzere wa m'buku lake ukuyendera. Kalamba koyeza mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu kali ndi mitundu itatu. Kofiira, kosafika masentimita 11.5, mwana afunika chithandizo msanga. Kachikasu ndi chenjezo. Kobiriwira, kuyambira 12.5, ali bwino.

Makolo ena amasangalala mwana akatupa masaya ndi mapazi poganiza kuti wanenepa. Dinani ndi chala pamwamba pa mapazi onse awiri kwa kanthawi. Pakatsala dzenje, kumeneko nkutupikana chifukwa cha kusowa zakudya m'thupi, ndipo mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Akatswiri apezanso kuti mwana wobadwa wochepa thupi kapena wopinimbira, akadzanenepa atakula, sachedwa kudwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

ANA A SUKULU NDI ACHINYAMATA

Mwana asapite kusukulu ndi njala. M'malo mompatsa ndalama ya maswiti, mabisiketi ndi zoziziritsa kukhosi, mpatseni mbatata yophika, chimanga chokazinga, nthochi kapena mtedza wodzaza dzanja. Mwana afunika kusewera ndi kuthamanga kwa ola limodzi tsiku lililonse. Mwana wonenepa asamanidwe chakudya kapena kunyozedwa. Banja lonse lisinthe kadyedwe, ndipo iye adzawongoka pamene akutalika. Atsikana amene atha msinkhu afunika nyemba, masamba obiriwira, nsomba ndi nyama kuti magazi asachepe.

ABAMBO NDI AMAYI

Boma limalangiza kudya magulu asanu ndi limodzi a zakudya tsiku lililonse: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Vuto la ambiri ndi lakuti nsima imatenga mbale yonse, ndiwo nkukhala zongopitira pakhosi. Amene akufuna kutsitsa thupi agawe mbale motere: theka likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nsomba, dzira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo ndiye nsima. Mgaiwa uposa ufa woyera chifukwa pokonola ndi kuviika chimanga zofunika zambiri zimapita ndi gaga, ndiponso mgaiwa umakhalitsa m'mimba.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mchere usapose magalamu 5 patsiku, omwe ndi sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo wa m'ndiwo zonse. Shuga asapose masipuni aang'ono 12, ndipo ndi bwino koposa kulekezera pa 6. Botolo limodzi la mamililita 300 la zoziziritsa kukhosi lili ndi shuga wokwana masipuni aang'ono pafupifupi 8. Onjezanipo masipuni atatu a mu tiyi wa m'mawa ndi thobwa lotsekemera la masana, muona kuti muyezo wapyola kale dzuwa lisanapendeke.

Mafuta amapereka mphamvu zoposa kawiri za ufa wolemera mofanana. Ndiwo zotendera nsinjiro zisathiridwenso mafuta. Mtedza ndi chakudya chabwino, koma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, kotero wodzaza dzanja limodzi patsiku wakwana. Mowa, kaya masese kaya wa m'botolo, umanenepetsa ndi kukweza magazi.

Amene ntchito yawo ndi yokhala pansi ayende ndawala, apalase njinga kapena agwire khasu kwa mphindi 30 masiku asanu pamlungu. Musathamangire kuonda msanga. Munthu wa makilogalamu 80 akatsitsa makilogalamu 4 mpaka 8 m'miyezi ingapo, shuga ndi magazi zimayamba kutsika. Pewani mankhwala ndi tiyi wa pamsika yemwe amati amaondetsa. Mayi woyembekezera asayese kudziondetsa, koma atsate malangizo a kusikelo. Ena amanenepa akayamba kumwa ma ARV. Otere asasiye mankhwala, koma akafotokoze kuchipatala.

OKALAMBA

Agogo ambiri vuto lawo ndi kuonda chifukwa mano adatha ndiponso amadya okha. Apatsidwe zofewa monga nyemba zochipula, mazira, maungu, mapapaya, mkaka ndi phala la nsinjiro, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Mchere uchepe, madzi akumwa akhale pafupi. Munthu wa msinkhu uliwonse akayamba kuonda popanda chifukwa, kumva ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, akayezetse shuga ndi matenda ena ku chipatala cha boma cha Mchinji, cha mishoni cha Kapiri kapena chipatala chaching'ono chomwe ali nacho pafupi. Akuluakulu onse ayezetse kuthamanga kwa magazi kamodzi pachaka ngakhale asakumva kupweteka.

ZOYENERA KUCHITA PAMUNDA

1. Musanagulitse mtedza, soya ndi nyemba, patulani za banja zokwanira kufika pokolola pena. Bambo ndi mayi agwirizane za matumba osungawo ogula asanafike pakhomo.

2. Musasungire ana mtedza wotsalira posankha. Wowola, wofwafwa ndi wachuku uli ndi poizoni woononga chiwindi ndi kubwezera ana m'mbuyo pakakulidwe. Umitsani bwino mtedza ndipo musaunyowetse pofuna kuswa msanga.

3. Khalani ndi dimba la masamba. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, kholowa ndi chigwada safuna ndalama zambiri. Futsani masamba nthawi ya dzinja, ndipo muwaumitse pamthunzi kuti mudzadye m'chilimwe.

4. Bzalani mbatata yofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika. Ili ndi vitamini A wambiri ndipo iposa mandasi pa chakudya cha m'mawa. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuuzeni kopeza mbewu yake.

5. Bzalani mitengo ya mapapaya, magwafa, mapeyala ndi mango pakhomo, ndipo musadule masuku ndi mitengo ina ya zipatso zakutchire.

6. Mazira ndi mkaka zisathere kumsika. Dzira limodzi la mwana liposa paketi ya mabisiketi yomwe mungagule mutaligulitsa.

Pamsonkhano wotsatira wa kalabu yanu tengani chingwe ndi tepi, muyezane ndi kulemba zotsatira m'buku la kalabu monga mulembera zokolola. Pakapita miyezi itatu mudzayezanenso, ndipo amene muyezo wawo wapyola apite kukaonana ndi achipatala.