Mapaipi a intercooler pa galimoto yakale ya turbo: kuwapeza, kuwapanga ndi kuwayesa

Galimoto ya dizilo ikayamba kulephera chitunda chomwe kale inkakwera mosavuta, kumbuyo kukufuka utsi wakuda bii, eni ake ambiri amathamangira kukamasulitsa pampu ya dizilo, ena amagula turbo ina. Ndalama zimapita, koma utsi sutha. Musanakhudze zida zodula chonchi, tsegulani boneti muyang'ane mapaipi amene amatenga mpweya kuchoka ku turbo kupita ku intercooler, ndi kuchoka ku intercooler kulowa mu injini. Kabowo kakang'ono pamenepo kamatha kufooketsa galimoto yonse.

Ntchito ya intercooler

Turbo imapopera mpweya mu injini mokakamiza, ndipo mpweya ukapanikizidwa umatentha. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga amadziwa momwe pampu imatenthera kumunsi kwake. Pa galimoto zambiri zakale za dizilo, turbo imakankha mpweya wa pakati pa 0.7 ndi 1 bar, ndipo mpweyawo umatuluka utafika kapena kupitirira madigiri 100. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ulibe okosijeni wokwanira kutentha dizilo yense. Intercooler imaoneka ngati rediyeta yaing'ono ya aluminiyamu, koma m'kati mwake mumadutsa mpweya, osati madzi. Mphepo ya panja ikamawomba timapiko take, mpweya wa m'kati umazizira, ndipo injini imakoka bwino osatenthetsa mutu wake.

Pa Pajero ya injini ya 4D56 kapena 4M40, pa Prado ya 1KZ-TE, ndiponso pa Hilux ya D-4D yokhala ndi kamwa pa boneti, intercooler nthawi zambiri imakhala pamwamba pa injini, ndipo mapaipi ake ndi aafupi. Pa galimoto zina imakhala kutsogolo, kuseri kwa bampala, ndipo mapaipi amayenda mtunda wautali, kukhota kangapo. Zina, monga Land Cruiser 80 ya injini ya 1HD-T, zinatuluka kufakitale ndi turbo koma zopanda intercooler.

Paipi ya intercooler imalimbana ndi zinthu zinayi nthawi imodzi: kutentha, nthunzi ya oilo yochokera mu injini, mphamvu ya mpweya, ndi kugwedezeka kwa injini. Mphamvu ya mpweyayo musaipeputse. Pa paipi ya mamilimita 63 m'mimba mwake, 1 bar imakankha mfundo iliyonse ndi mphamvu yoposa makilogalamu 30, ndipo imabwera ndi kuchoka nthawi iliyonse mwaponda kapena kusiya moto.

Zizindikiro za paipi yotayitsa mpweya

Mukamakwera chitunda ngati cha Khwekhwerere kapena cha Chiweta, tsitsani galasi mumvetsere. Mukamva kulira kwa fyoo kapena mluzu umene ukukula mukaponda moto n'kutha mukasiya, mpweya ukuthawa penapake. Galimoto itaima, fufuzani malo amene fumbi lamatirira lakuda ndi lonyowa pa mfundo kapena pa khosi la mphira. Mpweya wothawa umatuluka ndi kaoilo, fumbi la mumsewu n'kumata pomwepo, ndiye bowolo limadziulula lokha. Finyani mphira iliyonse ndi dzanja. Yatha ngati yafewa n'kumamata, kapena yauma n'kuonetsa ming'alu. Nthawi zina kunja imaoneka yabwino pomwe chikopa cha m'kati chasendeka ndipo chikutseka njira, choncho ivuleni muisuzumire. Pa galimoto zokhala ndi kompyuta, makina owerengera amatha kuonetsa nambala ya P0299, kutanthauza kuti mpweya wa turbo ukuchepa.

Kuyenda nayo choncho kumawononga zambiri kuposa mafuta. Popeza mpweya sukukwana, turbo imazungulira mopitirira muyeso pofuna kukwaniritsa, ndipo imatha msanga. Dizilo wosapsa bwino amakweza kutentha kwa utsi, zomwe zimazunza mutu wa injini ndi mapisitoni.

Yambani mwafunafuna yeniyeni

Paipi ya kufakitale, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, imaposa yopanga chifukwa inakhotetsedwa molingana ndi malo ake ndipo timilomo ta masensa tili pomwe tikuyenera kukhala. Popita kwa ogulitsa masipeya ku Ndirande, ku Limbe kapena ku Biwi, nyamulani paipi yakaleyo m'manja, ndipo lembani nambala ya chasisi ndi dzina la injini. Kungonena kuti "ya Prado" sikukwana, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka komanso msika umene zinapangidwira. Yochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ikhoza kusiyana ndi inzake yochokera ku South Africa. Fufuzaninso pa paipi yakaleyo, chifukwa zambiri zimakhala ndi nambala yake yodindidwa. Ndi nambala imeneyo mungathe kuitanitsa kunja osaphonya.

Mukapeza ya pa galimoto yophwasula, gulani zigawo zachitsulo kapena za aluminiyamu mutaona kuti sizinaphwanyike kapena kubooka. Mphira zake zokha muzikayikire. Zakhala zaka zofanana ndi zanu zomwe zatha, ndipo si zachilendo kuti ziphulike pakangopita miyezi yochepa.

Zosayenera kuika

Paipi ya pulasitiki ya madzi, ya PVC, imayamba kufewa isanafike n'komwe madigiri 80, pomwe mpweya wa ku turbo umaposa pamenepo. Imapindika, imasweka, ndipo zidutswa zake zimalowa mu injini. Hozi ya rediyeta inapangidwira madzi, ndipo ikakumana ndi oilo imatupa n'kufewa mpaka kuvuka. Kukulunga bowo ndi mphira ya chubu ndi waya kungakufikitseni kunyumba mukafera panjira usiku, koma kutacha chotsani. Paipi ya galata ya madzi nayo ndi yolemera, ndipo utsi umene imatulutsa powotcherera umadwalitsa wowotchererayo.

Kupanga yanu

Yeniyeni ikasowa, yezani kukula kwa kunja kwa khosi la turbo, makosi awiri a intercooler, ndi khosi lolowera mu injini. Mapaipi ogulitsa amapezeka a mamilimita 51, 57, 63 ndi 76, amene m'masitolo amawatchula kuti mainchesi 2, 2.25, 2.5 ndi 3. Pa injini ya dizilo ya malita 2.5 mpaka 3, ya 51 mpaka 63 imakwana. Ena amakonda paipi yonenepa poganiza kuti ibweretsa mphamvu, koma paipi yokula mopitirira makosi aja imangochedwetsa galimoto kuyankha mukaponda moto, chifukwa turbo iyenera kuidzaza kaye.

Chitsulo chabwino ndi aluminiyamu wochindikala mamilimita 1.5 mpaka 2. Ndi wopepuka, sachita dzimbiri, ndipo amadulika ndi sowo wamba. Vuto lake ndi kuwotcherera, chifukwa makina a ndodo amene timapangira mageti amangomubowola. Pamafunika makina a TIG ndi gasi wa argon, ndipo amene amakhala nawo ndi aja amawotcherera mitu ya injini ndi magiyabokosi m'tauni. Stainless nayo ndi yabwino, ngakhale ndi yolemerako. Paipi yachitsulo wamba ya ekizozi ndiyo imapezeka paliponse ndipo aliyense angathe kuiwotcherera, koma imachita dzimbiri m'kati galimoto ikakhalitsa osayenda, ndipo dzimbiri likasendeka limapita mu injini. Ngati ndi yokhayo imene mungakwanitse, ipenteni kunja kokha, ndipo muziivula nthawi ndi nthawi kuona m'kati.

Musanadule chilichonse, tengani waya wolimba mumupinde motsata njira imene paipi idzadutse, kuyambira pa khosi lina kufika pa linzake. Waya ameneyu ndiye muyeso wanu. Sankhani njira yaifupi, yokhota pang'ono, yotalikirana ndi ekizozi, malamba ndi fani. Siyani mpata wolowa chala pakati pa paipi ndi chitsulo chilichonse cha galimoto, chifukwa aluminiyamu akamakhuzana ndi bawuti amabooka mwakachetechete. Tsekani boneti pang'onopang'ono muone ngati sikugunda.

Makona gulani opindidwa kale ndi makina amene saphwanya paipi, a madigiri 45 ndi 90. Makina a ekizozi a m'magalaja ambiri amafinya paipi pokhota, ndipo mpweya umapanikizika pamenepo. Makona otere akasowa, dulani tizidutswa topendekera n'kutilumikiza, mfundo iliyonse ikhote madigiri osaposa 15, kuti kona ya 90 ituluke ndi mfundo 6. Ndi ntchito yochedwa, koma imatulutsa kona yozungulira bwino. Ikani zidutswa pa galimoto, jambulani mzere wodutsa pa mfundo iliyonse kuti mudziwe momwe zakhalira, kenako kawotchererani pa tebulo. Mukakakamizika kugwiriza muli pa galimoto, chotsani kaye mawaya a batire. Musaiwale timilomo ta tipaipi tating'ono topita ku sensa kapena ku wastegate ya turbo ngati tinalipo pa paipi yakale. Pa galimoto ya petulo pamakhalanso khosi la valavu yotulutsa mpweya mukasiya moto.

Tsopano mkombero, pomwe ntchito zambiri zooneka bwino zimagwera. Yang'anani kumapeto kwa paipi ya kufakitale: pali kamzere kotukuka kozungulira mlomo wonse. Kamzere kameneka ndi kamene kamaletsa mphira kuvuka. Paipi yosalala, yonyowa ndi oilo, yokankhidwa ndi makilogalamu 30 aja, idzavuka ndithu ngakhale mumange bwanji, ndipo idzavukira pa chitunda galimoto italemedwa. Pali kachida kopangira mkombero, koma kakasowa wowotcherera aike mzere wa chitsulo kuzungulira mlomo, wotukuka mamilimita 2 kapena 3, pafupifupi mamilimita 5 kuchoka kumapeto, kenako ausalaze ndi fayilo kuti usacheke mphira. Amakaniko ena amawotcherera washala ku mlomo umodzi wa pulayala yokhoma ndi kachitsulo ka mphako ku mlomo winawo, n'kumafinya pang'onopang'ono kuzungulira paipi ya aluminiyamu mpaka mkombero utatuluka. Njira iliyonse mwa izi ndi yabwino. Mlomo uliwonse wolowa mu mphira ukhale ndi mkombero wake, osasiyapo ndi umodzi womwe.

Zolumikizira zikhale za silikoni wokhala ndi nsalu m'kati. Mukayang'ana podulidwa mudzaona mizere ya ulusi, itatu kapena kuposa. Silikoni wopanda ulusi amafufuma n'kuphulika. Mapaipi awiri asagundane m'kati mwa cholumikizira, siyani mpata wa mamilimita 5 mpaka 10. Injini imagwedezeka pa mphira zake pomwe intercooler ya kutsogolo inamangidwa ku thupi la galimoto, choncho pakati pa ziwirizi payenera kukhala cholumikizira chotha kupindika, makamaka chija chokhala ndi linunda pakati. Paipi yaitali imangiridwe ndi kabulaketi kokhala ndi mphira kuti kulemera kwake kusathyole khosi la intercooler. Zomangira za bawuti, zotchedwa T-bolt, zimagwira mofanana kuzungulira konse ndipo zimaposa zija zopyapyala za sikuluu, zomwe zimadumpha mano mukazilimbitsa. Chomangira chikhale kuseri kwa mkombero, osati pamwamba pake. Pukutani oilo yense pa mlomo ndi m'kati mwa silikoni musanalumikize, ndipo musapake girisi pofuna kuti ilowe msanga.

Kutsuka

Kuchoka pa paipi imeneyi kukafika mu silinda palibenso sefa. Kachidutswa kalikonse kotsala podula kapena powotcherera kadzalowa m'mavalavu. Palani milomo ndi fayilo, gogodani tinjere ta m'kati, tsukani ndi madzi a sopo, dutsitsani nsalu yoyera mpaka ituluke yoyera, ndipo muwerenge nsalu zanu kuti ina isatsalire m'menemo.

Vulaninso intercooler muipendeketse. Kunyowa pang'ono ndi oilo n'kwachibadwa, koma akatuluka wochita kutsanulika, turbo ikutaya oilo ndipo iyenera kuonedwa. Injini ya dizilo imatha kuyamba kumwa oilo wotereyu ngati mafuta, n'kuthamanga yokha osazima ngakhale mutachotsa kiyi. Tsukani ndi parafini, tsatizani madzi a sopo, ndipo muiumitse kotheratu musanaibwezere. Soda wa kositiki amadya aluminiyamu, musamuyandikize. Ngati turbo yakale inaphwanyika mapiko, zidutswa zake zimabisala m'timipata ta intercooler, ndipo kusintha intercooler yonse n'kotchipa kuposa kumanganso injini.

Kuyesa musanayende

Vulani paipi pa khosi la turbo ndi pa khosi lolowera mu injini. Tsekani mbali zonse ziwiri ndi zivindikiro zolimba zomangidwa bwino, chimodzi mutachiboola n'kuikapo valavu ya tayala. Popani ndi pampu yokhala ndi geji mpaka 0.7 kapena 1 bar, osapitirira. Imani pambali, chifukwa chivindikiro chikavuka chimauluka mwamphamvu. Thirani madzi a sopo pa mfundo iliyonse, powotcherera paliponse, ndi m'mbali mwa intercooler momwe. Pamene pakutuluka thovu ndi pomwe pali bowo. Geji ikamatsika msanga koma thovu osaoneka, funani pansi pa zolumikizira pomwe maso safika.

Zonse zikakhala bwino, yendani ulendo waufupi wokhala ndi chitunda, dikirani injini izizire, ndipo limbitsaninso zomangira zonse chifukwa silikoni watsopano amaphwa akatenthedwa koyamba. Pa galimoto ya intercooler ya pamwamba, onaninso mphira ya pansi pa kamwa ka boneti, chifukwa ikang'ambika mphepo imadutsa pambali osaziziritsa kanthu. Nthawi iliyonse mukusintha oilo, pukutani mfundo za mapaipiwa ndipo muone ngati fumbi lakuda labwereranso.